Chingwe Chofiira pa Thumba la Chuku

"Ndiye mukuti nkhumba zayamba kudya ndi foloko?"

Anafunsa motero ndi a Chigayo, ataima pakhomo pa chipinda chosungiramo matumba, manja ali m'chiuno. Mkazi wawo, Nadzino, anali m'kati mwa chipindacho. Anali atagwada pa thumba lomwe analimasula kukamwa, njere ya mapira ili pakati pa mano. Analuma. Njereyo sinalire n'komwe. Inangophwanyika mwaulesi n'kumatirira kudzino, iye n'kulavulira pambali.

"Za foloko sindinanene ine, bambo. Ndati mapirawa ngonyowa."

"Wamva iwe?" a Chigayo anatembenukira kwa mng'ono wawo. "Adokotala a mapira apima. Wodwala wapezeka ndi madzi m'thupi."

Mng'ono wawoyo, Zilibwino, anaseka ali khale pamwamba pa matumba makumi anayi omwe anabwera nawo pa lole dzulo lake. Dzinali sanabadwe nalo ayi, anachita kuligwirira ntchito. Tayala likaphwa, zili bwino. Denga likadontha, zili bwino. Ngakhale tsiku lomwe mkazi wake anamanga katundu n'kumapita, anthu anamumva akunena mawu omwewo uku akumuthandiza kusenza.

"Zili bwino, alamu. Kachinyezi chabe aka. Chigayo chikamazungulira chimatentha, aumira momwemo."

"Chigayo chasanduka dzuwa liti?"

Nadzino anadzuka n'kutenga botolo lake lagalasi pa zenera. Mudzi wonse unkalidziwa botololo monga unkadziwira dzino lomwe linamupatsa dzina. Anathiramo mapira dzanja limodzi, n'kuwonjezera mchere wouma wodzadza supuni, kenaka anatseka n'kukhutchumula kwa kanthawi. Ataliimika powala, mchere wonse unali utamatirira m'mbali mwa galasi, mbuu.

"Mapira ouma amasiya galasi lili mbee, mchere n'kugwera pansi. Zimenezi mukuzidziwa, bambo. Onani nokha."

"Ndaona. Mchere wanuwo ndiye wonyowa."

Nadzino anapinda dzanja la bulauzi n'kupisa mkono m'thumba mpaka pachigongono. M'katimo munali motentha ngati m'khwapa mwa munthu wa malungo. Anatulutsa chibuluma cha mapira ogwirana, ena akuda, ena obiriwira, ndipo fungo lake linafika pakhomo iye asanatambasule n'komwe chikhatho. Pamwamba pa thumba wogulitsa anali ataikapo mapira oyera bwino, oti mlendo aone. Pansi ndiye panali eni nyumba: chuku, mchenga, mankhusu, ndi anankafumbwe onenepa akuyenda mosatekeseka.

"Ichi n'chuku, alamu. Munagula mutatsinzina?"

"Ndinagula motchipa," anayankha Zilibwino. "Mtengo wake mukanaumva, mukanavina."

"Wogulitsayo ndiye akuvina pano. Mwamutayira zinyalala, n'kumuthokozanso." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Tiyale matenti, tiyanike masiku atatu, tipete, tisefe mchenga. Amene agwira chukuwa tikakwirire kudzala. Mwina theka lipulumuka."

"Theka," anabwereza a Chigayo ngati atukwanidwa. "Ndiye theka linalo tidyetse dzala. Dzala nalo lili ndi njala, eti? Mayi, tamverani. Izi si za anthu. N'za nkhumba, nkhuku, abakha. Nkhumba imadya matope, imadya zinthu zosatchulika pagulu. Lero idandaule kafungo?"

"Sidandaula, imangofa. Ikafa, amalira ndi munthu."

"Zigayo zonse zimatero. Mumayesa anzathuwa amaluma njere iliyonse ngati mbewa?"

"N'chifukwa chake anthu amadutsa zigayo ziwiri kubwera kuno."

Apo Nadzino ananena zoona, ndipo a Chigayo zinawawawa chifukwa zinali zoona. Chigayo chinali chawo, dzina lawo, makiyi ali m'thumba la buluku lawo, koma alimi a ziweto sankafunsa za iwo. Ankayang'ana kukamwa kwa thumba. Thumba lililonse la chakudya cha ziweto lomwe mapira ake Nadzino anawaluma n'kuwavomereza, ankalimanga yekha ndi chingwe chofiira, mfundo yake yopinda kawiri. Wogula akaona chingwe chimenecho sankanunkhiza, sankafunsa, ankangokweza panjinga n'kumapita.

"Gayani," anatero Nadzino akupukuta mkono. "Chigayo n'chanu. Koma chingwe changa sichikhudza matumba amenewa, ndipo phazi langa siliponda kuchigayoko mpaka zonyansazi zitatha."

"Zikomo kwambiri. Mano anuwo apumuleko, atumikira dziko."

Nadzino anasunga mawu ake. Mpukutu wa chingwe chofiira anauika m'chitini pamwamba pa kabati, iye n'kukhala kunyumba. Koma chigayo chinali kuseri kwa khitchini, ndipo makutu ake sanalumbire nawo.

Mapira ouma akalowa m'chigayo, chimaimba mawu amodzi osasintha, ufa n'kumatsika woyoyoka. Tsiku limenelo chinkabuula. Chikalira pang'ono mawu n'kutsika, lamba n'kuyamba kuimba mluzu, kenaka zii. Ndiye pamveke kugogoda kwa sipanala, ndi mawu a mwini chigayo otchula ziwalo zomwe sitingazilembe pano. Ufa wonyowa unkamata tizibowo ta sefa, mahamala ophwanya njere n'kumangozungulira m'matope. Pofika masana chinali chitazima kasanu ndi kawiri.

A Chigayo analowa kukhitchini ali mbuu, ndi nsidze zomwe.

"Chigayo chikuimba bwino bwanji lero," anatero Nadzino akutsuka mbale. "Nyimbo yatsopano?"

"Sefa ija yatha."

"Yomwe tinaika mwezi wathawu? Pepani. Sefa zamasiku ano n'zamwano, zimakana madzi."

A Chigayo anabwerera kuchigayo. Madzulo ake anachotsa sefa ya tizibowo ting'onoting'ono n'kuikamo ya zibowo zoti kachala n'kulowa. Chigayo chinasiyadi kutsamwa, poti tsopano sichinkagaya, chinkangopereka moni kwa mapira akamadutsa. Njere zambiri zinkatuluka zamphumphu, zoti nkhumba ikadya zikatulukenso momwemo kumbuyo. Mchenga unkadya mahamala. Ufa unkagwera m'thumba uli wotentha, Zilibwino n'kumanga pompo usanapume, ndipo pofuna kubisa fungo la chuku ankathiramo ufa wa nsomba mopanda kuumira.

Matumba oyamba anawamanga ndi chingwe choyera cha masiku onse. Nadzino ankaonera pa zenera. Mlimi wa nkhuku zoikira anabwera, anayang'ana kukamwa kwa thumba, n'kufunsa kuti mayi ali kuti. Atauzidwa kuti akudwala dzino, anati abweranso akachira. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ananunkhiza n'kukwera njinga osatsanzika. Nadzino mtima unakhala pansi. Anadziuza kuti palibe chifukwa chotulutsira za m'nyumba kumsewu n'kuchititsa mwamuna manyazi, poti chingwe chikulankhula chokha. Kunena mosabisa, ankadziona kuti ndi mkazi wanzeru kwabasi.

Tsiku lachitatu a Chigayo anasintha nyimbo. Anabwera kukhitchini atasamba, atapesa, ndi mawu aja a pa chibwenzi omwe anawapachika kalekale.

"Mayi a nyumba, mwatopa ndi ntchito. Bwanji ndikuwazireni nkhuni?"

"Nkhwangwa ili pomwe munaisiya chaka chatha."

"Taonani, tisakangane ngati ana. Matumba khumi okha. Mungomanga basi. Simugwira ufa, simununkhiza. Chingwe n'chingwe."

"Ngati chingwe n'chingwe, choyeracho chalakwa chiyani?"

"Anthu ngopusa, amafuna chofiira."

"Safuna chofiira, amafuna nkhuku zawo zikhale ndi moyo."

"Ndiye ine ndine wakupha? Mkazi wanga yemwe azinditcha chigawenga m'nyumba mwanga? Inu mumangoona mapira. Ine ndimaona mafuta a injini, lamba, mahamala amene akutha msangawa. Munthu uja anatipusitsa, chabwino, ndavomera. Ndiye tilire tokha?"

"Mukufuna anzanu olira nawo."

"Ndikufuna aliyense asenzeko pang'ono. Thumba limodzi uku, awiri uko. Nkhuku imodzi ikafooka dziko silitha."

"Kasenzetseni amene anakugulitsaniyo."

"Timupeza kuti? Ankagulitsira pa lole, m'mbali mwa msewu."

"Ndiye mwasankha oti sangathawe."

Mawu a pa chibwenzi aja anathera pomwepo. A Chigayo anatuluka akumenyetsa chitseko, nkhuni zili chosawaza.

Mawa lake kunabwera Mzime, mng'ono wake wa Nadzino, womaliza kubadwa kwa mayi awo. Chimwalirireni mwamuna wake, Mzime ankadalira nkhumba: yaikazi imodzi yaikulu ndi ana ake asanu osiya kuyamwa. Nkhumbazo ndizo zinali munda wake, ntchito yake ndi sukulu ya ana ake awiri. Anakhala pakhonde nsapato zili matope okhaokha, nkhope ikuwala.

"Akulu, make uja bere lakula. Alangizi a ziweto akuti mukhoza kukhala khumi. Kwatsala masabata atatu basi."

"Khumi? Ndiye uyamba kutipatsa moni uli pagalimoto."

"Galimoto yanji? Ndingofolera nyumba ija, ndisiye kugona ndi beseni pambali mvula ikamagwa. Chakudya chatsala cha masiku anayi, ndibwera Lolemba kudzatenga matumba awiri. Koma ndamva kuti simukupita kuchigayo. Akuti dzino?"

A Chigayo anali pampando wawo kumapeto kwa khonde akumwa tiyi, maso ali pa kapu, makutu ali kuno. Mawu anafika pakamwa pa Nadzino: usagule, m'matumbamo muli chuku. Anali mawu ochepa, oti ngakhale mwana akanawanena. Koma anayang'ana mwamuna wake, anaganiza za kunyoza bambo wa nyumba pamaso pa mlamu wawo, n'kuwameza.

"Ndangotopa," anatero. "Koma iwe, ukamagula uziyang'ana chingwe. Wamva? Uziyang'ana chingwe."

Mzime anaseka. "Ndinayamba ndatengapo thumba lopanda chingwe chanu ine? Chofiira chikangokhalapo, ngakhale mutathiramo phulusa ndikadyetsa."

A Chigayo anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Alamu mumalankhula zanzeru inu," anatero.

Nadzino anaperekeza mng'ono wake mpaka pa mpanda. Ngakhale pamenepo, ali awiriwiri, sanawonjezere kanthu, poti anaona kuti wanena zokwanira. Anabwerera akudziyamikira: m'bale wake wamuchenjeza, mwamuna sanamunyoze, mphika pamoto sunapserere.

Kuyambira tsiku lotsatira a Chigayo anayamba kutulutsira matumba kukhomo la kumsewu, lomwe silioneka pa zenera la khitchini. Anati kumbuyo kuno kwachuluka matope. Posakhalitsa mabelu a njinga anayambanso kumveka. Nadzino anangopukusa mutu. Anati anthu ngosamva, akuona okha chingwe choyera n'kumagulabe, zikawagwera asadzatchule dzina lake. Lolemba Mzime sanadzere kunyumba, ndipo Nadzino anati ndiye kuti waona choyera, wapitirira kuchigayo china. Chitini chija pamwamba pa kabati ankachipukuta fumbi Loweruka lililonse, koma kuchitsegula ayi. A Chigayo nawo anayamba kuimba mluzu posamba, ndipo Zilibwino anabwereranso pa mawu ake aja, kuwanena kangapo patsiku ngakhale popanda womufunsa.

Patatha masabata awiri ndi masiku angapo, Nadzino akusesa pabwalo m'mawa, anangoona Mzime walowa pa mpanda. Sanaodire. Anakhala pansi pa simenti ya khonde n'kutambasula dzanja. Munali chingwe chofiira chodulidwa ndi mpeni, mfundo yake ili chimangire.

"Ndabweza chingwe chanu, akulu. Matumba ndawotcha."

"Chachitika n'chiyani?"

"Make wapoloza Lachisanu. Khumi ndi mmodzi, alangizi anaphonya ndi mmodzi. Onse akufa. Iye mwini watsatira dzulo. Ana asanu aja anayamba n'kukana kudya, kenaka kutsegula m'mimba, njere zikutuluka zamphumphu. Katsala kamodzi, kaja kong'ambika khutu, poti anzake ankakaluma osakalola kufika pa chodyeramo."

Ankalankhula motsitsa mawu, ngati akufotokoza za munthu wina. Maso anali ouma, oti analira kale n'kumaliza.

"Alangizi atang'amba make, anapeza chiwindi chili chachikasu, chotupa. Atapisa dzanja m'thumba anandifunsa ngati ndili ndi mphuno."

"Nanga fungolo sunalimve?"

"Ndinalimva, akulu. Tsiku loyamba lomwe. Ufa unali utagwirana zibuluma, wotentha. Ndinaima m'kholamo chidebe chili m'manja, ndinanunkhiza kawiri. Kenaka ndinayang'ana chingwe monga munandiuzira. Ndinati mphuno yangayi ndiyo yabodza, akulu anga sangamange zoola."

Nadzino anatenga chingwecho n'kuchiyang'anitsitsa. Chinalidi cha mumpukutu wake. Mfundo yopinda kawiri, yomangidwa mwaluso. Koma Nadzino ndi wamanzere, ndipo mfundo yake nthawi zonse imagonera kumanzere. Iyi inagonera kumanja. Munthu woti akanaona kusiyanako anali mmodzi yekha m'mudzi monse, ndipo munthuyo anali atakhala kukhitchini masabata atatu akudziyamikira.

Analowa m'nyumba, anakwera pampando n'kutsitsa chitini. Munatsala kachidutswa kokwanira thumba limodzi.

"Sindinamange ine," anatero atatuluka.

"Ndakhulupirira. Koma zomwe zinali m'matumbamo munkazidziwa?"

Nadzino anafuna kunena za ulemu wa banja, za mwamuna amene anali pakhonde tsiku lija, koma mawu onsewo anamveka opusa asanatuluke n'komwe.

"Ndinkazidziwa."

"Ngakhale tsiku ndinabwera lija?"

"Ndinkazidziwa."

"Ndiye munandiuza za chingwe." Mzime anadzuka n'kusansa fumbi pa siketi. "Alamu anandilandira bwino Lolemba lija. Anandikwezera okha panjinga. Anati mwapita kumsika, koma mwasiya mutamanga awiri apadera, a mng'ono wanu."

Anatuluka pa mpanda osatembenuka. Nadzino anataya tsache, anatenga mpeni wa kukhitchini, ndipo phazi lija linalumbira kuti siliponda kuchigayo linapondako ndithu.

Chigayo chinali chikulira. Kukhomo la kumsewu kunali njinga zisanu ndi imodzi, ndi matumba ofiira kukamwa atandandalikidwa bwino kukhoma. Nadzino analowa n'kuzimitsa injini.

"Mwachira dzino, mayi?" anafunsa mlimi wa nkhuku zoikira uja mosangalala. "Koma nkhuku zanga zasiya kuikira, kaya ndi nyengoyi."

"Si nyengo, bambo. Dikirani muone."

Anang'amba thumba lomwe linali panjinga ya mlimiyo kuchokera kukamwa mpaka pansi. Ufa sunayoyoke. Unagwa zibuluma, ndipo fungo la chuku linagonjetsa la nsomba. Anatapa dzanja limodzi, anafinya, n'kutambasula. Ufawo unakhala chiumbire, zala zake zitadindika.

"Ufa wa mapira ouma ukaufinya umamwazika. Uwu mukhoza kumangira nyumba. Mapira ake ngonyowa, ngachuku, ndinawakana masabata atatu apitawo. Chingwechi n'changa koma sindinamange ine. Ndinadziwa zomwe akugaya, ndinakhala chete, ndipo nkhumba za mng'ono wanga zatha. Amene muli ndi matumba kunyumba musadyetsenso."

A Chigayo anatulukira kuseri kwa injini akupukuta manja pa kansanza, akumwetulira mouma.

"Mayiwa sakupeza bwino, abale. Mayi, tiyeni kunyumba tikakambirane ngati anthu."

"Tinakambirana kale ngati anthu. Zafa ndi nkhumba."

"Nkhumba zimafa kulikonse. Kuli chigodola, kuli njoka, kuli anthu ansanje. Ndani anaona chuku chikupha nkhumba ndi maso ake?"

"Ndiye ufawu ngwabwino, eti?" Anawatambasulira chibulumacho pafupi ndi kamwa. "Lawani. Pang'ono pokha, pa nsonga ya lilime. Kapena ndikakutengereni foloko?"

A Chigayo anabweza mutu msangamsanga, ndipo aliyense anaona. Mayi wina woweta abakha anayamba kuseka, koma anasiyira panjira atakumbukira matumba amene anatenga sabata yatha.

"Chingwe n'cha m'sitolo," anatero a Chigayo motsitsa mawu. "Palibe amene analembetsa kuti chofiira n'chake."

"Anamanga ndani?"

Zilibwino anayang'ana kudenga, komwe kunalibe chachilendo chilichonse.

"Ndine," anatero a Chigayo, ndipo zomvetsa chisoni n'zoti m'mawumo munali kunyada. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukuonererani. Mumayesa n'zamatsenga? Ndinayeserera kanayi kokha."

"Mwaphunzira msanga. Zaka zonsezo mukanaonerera dzino m'malo mwa zala, bwenzi Mzime ali ndi nkhumba."

Alimiwo sanatukwane, sanakuwe. Mmodzimmodzi anamasula malamba a njinga, matumba n'kumagwera pansi. Mayi wa abakha anafunsa Nadzino kuti aja ali kunyumba awatani, iye anati akumbe dzenje lakuya, loti galu asafukule.

"Zili bwi..." anayamba Zilibwino. Mlimi wa nkhuku anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chipatsidwireni dzinalo, anameza mawu ake.

Njinga zonse zitapita, a Chigayo anakhala pa thumba long'ambikalo.

"Mwakondwa? Mwapha chigayo chomwe chimakudyetsani. Mwandivula pagulu chifukwa cha nkhumba. Mudya chingwe chanucho."

"Sindinakondwe, bambo. Ndachita kuchedwa nazo masabata atatu."

Chigayo sichinalire sabata yonseyo. A Chigayo ankakhala pakhonde kuuza aliyense wodutsa kuti akazi amasiku ano alibe ulemu, odutsawo n'kumafulumiza mapazi. Zilibwino anakumbukira kuti ali ndi anzake kutali oti akawaone. Nadzino anali ndi theka la thumba la mapira a mbewu, a m'munda mwake, omwe anawasunga pa kona ya khitchini. Anawayanika, anawapeta kawiri, anatola timiyala ndi zala. Atayesa m'botolo, galasi linakhala mbee. Anamanga ndi kachidutswa kotsala kaja, anasenza, n'kuuyamba ulendo wa kwa mng'ono wake.

Anamupeza akutsuka khola ndi phulusa. Kankhumba kong'ambika khutu kanali pa kona, nthiti zikuwerengeka. Chitseko cha nyumba chinali chotsegula, ndipo beseni lija linali pamalo pake pafupi ndi mphasa.

"Ndabweretsa mapira a kankhumbako. Ngosagaya. Ndaluma ndekha."

"Zikomo, akulu. Tsitsani apo."

Mzime anapukuta manja n'kugwada. Anayang'ana mfundo yogonera kumanzereyo kwa kanthawi. Kenaka anaimasula, anaika chingwe pambali, anapinda dzanja la bulauzi n'kupisa mkono mpaka pansi penipeni pa thumba. Anatulutsa njere zapansizo, ananunkhiza, n'kuika imodzi pakati pa mano. Inalira kuti thyo. Anatapa zapakati, analuma, inaliranso. Anatenga yachitatu.

Nadzino anangoima chiimire, kuyang'ana mwana amene anamubereka kumsana akuyesa mawu ake ndi dzino. Zinamupweteka kuposa zonse zimene mwamuna wake ananena, ndipo anadziwa kuti alibe pakamwa podandaulira.

"Ngouma," anatero Mzime. "Ndikagayitsa kuchigayo cha kutsidya mawa."

Anatola chingwe chofiira chija n'kumutambasulira mkulu wake.

"Ichi tengani. Ndimangira changa."